Pensulo yofiira ndi envulopu ya Pasikali

Chongoni,
Lamulungu masana.

Mwana wanga Sesiliya,

Ndakhala kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapichesi, thabwa lili pamiyendo ngati tebulo. Iwe uli m'katimo ndi amayi ako, mukupinda zovala zolowa m'sutikesi, ndipo ndikumva mukuseka. Ndikudziwa kuti nditangolowa ine kusekako kutha, n'chifukwa chake ndasankha kulankhula ndi pepala. Mawa m'mawa ukukwera basi kupita ku koleji ya aphunzitsi, ndipo lero ndi tsiku lakhumi ndi chiwiri chiyambire kundipatsa moni wouma uja wa "mwadzuka bwanji bambo" n'kudutsa. Masikuwo ndawerenga, usaganize kuti sindinaone.

Mlandu wanga ndikuudziwa. Unalemba kalata ya Chingerezi yopita kwa akulu a koleji, yovomera malo amene anakupatsa. Unabwera nayo pakhonde nkhope ili ngwee, pamene ndinali kucheza ndi amalume ako ndi akatekisiti. Sunabwere kuti ndiichonge ayi, unabwera kuti ndinyadire. Koma ine dzanja linapita lokha kukhutu, n'kutsitsa pensulo yanga yofiira ija. Ndinazunguliza mawu otanthauza kulemba, amene unawaika zilembo za t ziwiri pamene pamafunika chimodzi, ndipo ndinakweza pepalalo m'mwamba n'kunena kuti, "Taonani, mphunzitsi wa mawa ameneyu!" Alendo anaseka. Iwe unatenga kalata yako mwaulemu, ndi manja awiri, n'kunena pang'onopang'ono kuti, "Bambo, ndikapita sindidzakulemberani kalata. Mungadzaichonge." Mawu amenewo sanandichoke m'khutu, Sesiliya. Ndikuopa kuti unanena zoona, ndipo ndili ndi chifukwa choopera chimene iwe sukuchidziwa. Ndiye khala pansi, umve za bambo ako amene umawayesa kuti anabadwa ndi dikishonale m'manja.

Ndiyambe ndi chilembo chomwecho chimene ndinakuchititsa nacho manyazi. Chaka chotsatira ufulu, iwe uli kumsana, kunamveka kuti kampani yocheka matabwa m'munsi mwa phiri la Dedza ikufuna kalaliki. Ine ndinali ndi Sitandade Sikisi, ndipo m'mudzi muno munalibe wina wondiposa Chingerezi. Ndinkayenda ndi bolopeni m'thumba la malaya ngakhale popita kudimba. Ndinagula pepala la mizere, n'kulemba kalata yofunsira ntchito kamodzi kokha, ulendo umodzi, inki isanaume ndaipinda kale. Njira yopita kukampaniko inkadutsa pakhomo pa a Gelevazio, aphunzitsi anga akale. Ndinawapeza akukonza mpanda wa nkhumba. Anandiitana kuti, "Benedikito, chatuluka m'thumbamo n'chiyani? Ngati ndi kalata, bwera nayo ndiione." Ine ndinayankha kuti, "Si kanthu aphunzitsi, ndi mapepala a kutchalitchi." Bodza lenileni, ndiponso lonamizira tchalitchi! Mumtima ndinkati, nkhalamba iyi indiphunzitsa chiyani chimene sindinachidziwe? Patapita sabata kalata inabwerera. Mawu amodzi okha anali atazungulizidwa, omwe aja otanthauza kulemba, ali ndi zilembo za t ziwiri. Tangoganiza, munthu wofuna ntchito yolemba, walephera kulemba mawu akuti kulemba. Ukalaliki anapatsa mnyamata wa ku Mphunzi, ine anandiuza kuti ngati ndili ndi mphamvu, kudzenje kuli malo.

Kudzenje kumeneko sunakuone, ndikufotokozere. Chipika cha paini ankachigoneka pamwamba pa dzenje, munthu mmodzi pamwamba, wina pansi, n'kumakokerana sowo yaitali kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Watsopano ankakhala pansi, kumene utuchi wonse umagwera. Ndinadya utuchi zaka zisanu ndi chimodzi, mwana wanga. M'mwezi wa Juni, chifunga chitaphimba phiri, zala zinkakanika kugwira chigwiriro, ndipo amayi ako ankandichotsa tizitsotso m'maso ndi nsonga ya chitenje. Komabe ndikakumbuka masiku amenewo sindikwiya. Fungo la paini wongocheka kumene limandikomerabe mpaka lero, ndi nyimbo zimene tinkaimba kuti sowo iyende, ndi kachewere wootcha amene tinkagawana pamoto wa makungwa. Chimene chimandiwawa n'chimodzi, kuti a Gelevazio anali pomwepo pampanda, atatambasula dzanja, ndipo kuwapatsa pepala lija sikukananditengera nthawi yoposa kumwa madzi. Safunsa anadya phula, ine ndinadya utuchi. Ndiye langizo loyamba ndi limeneli: chimene walemba m'Chingerezi, chopita kwa anthu amene sakukudziwa, chionetse kwa munthu wina chisanatuluke pakhomo. Amene akuwerenga kuofesi saona nkhope yako, sadziwa kuti ndiwe mwana waulemu wodziwa kulima. Amaona zilembo basi.

Wondichotsa kudzenje anali a Che Yusufu, kalaliki wamkulu wa kampaniyo, Msilamu wa ku tauni, munthu wamfupi wa kandevu koyera, wosakweza mawu. Anaona kuti nthawi yopuma ndimawerenga zidutswa za nyuzipepala zokulungira fodya, ndipo ananditenga kuti ndiziwathandiza pa makina otayipira. Tsiku loyamba ndinatayipa kalata mwachangu kuti andione luso, n'kuitenga kuti ndikaimate. Iwo anagwira dzanja langa nati, "Ukuthamangira kuti? Kalata imagona." Anali ndi mwala wosalala wa kumtsinje patebulo pawo. Kalata iliyonse yosafulumira inkagona pansi pa mwalawo mpaka m'mawa. Kukacha ankathyola kaudzu panja, n'kuyamba kuwerenga kuchokera ku mawu omalizira pansi, kubwerera cham'mbuyo mpaka kumutu, kaudzu kakuloza mawu amodziamodzi. Ine ndinaseka, ndinati, "Bwana, kalata yowerenga chafutambuyo imveka bwanji?" Iwo anati, "Sindikufuna imveke. Diso ndi laulesi. Likadziwa kumene nkhani ikupita limathamanga, limaona zimene unafuna kulemba, osati zimene walemba. Ukalisokoneza njira, limayamba kuyang'ana pansi." Ndinayesa pa kalata yanga ija, ndipo ndinapezamo zolakwa zitatu zimene dzulo lake sizinalimo, kunena kwa maso anga. Chiyambire tsiku limenelo sindinatumizepo kalata ya Chingerezi yosagona. Nawenso uzichita chomwecho. Mwala suvuta kupeza, ngakhale buku la mapemphero litha kugwira ntchito yake.

Anandiphunzitsanso kusunga kabuku kakang'ono ka mawu amene amandigwetsa. Ankati munthu aliyense ali ndi miyala yakeyake imene amapunthwapo, ndipo ndi yomweyomweyo chaka ndi chaka. Kwa ife a kuno ndi zilembo zobwereza, ndi l ndi r zimene m'kamwa mwathu ndi pachibale, ndi i ndi e zimene zimakonda kusinthana malo. Usalimbane ndi dikishonale yonse. Lemba mawu ako okugwetsa, sangapitirire makumi atatu, uziwayang'ana ngati mmene umayang'anira njira yoterera ya kuchitsime nthawi ya dzinja. Kabuku kanga kakadalipo, ndipo mawu oyamba pa tsamba loyamba ukuwadziwa kale.

Koma pali chinthu china cha a Che Yusufu chimene ndinachiona tsiku ndi tsiku osachitola, ndipo ndicho chinali chachikulu. Iwo akapeza cholakwa pa pepala lako sankachizunguliza. Ankadikira anthu atuluke, n'kuika kadontho kakang'ono ka pensulo wamba m'mphepete mwa mzere, n'kunena motsitsa kuti, "Pa mzere uwu pali mlendo, mupeze wekha." Ukampeza ankafufuta kadontho kaja, ndipo nkhani inkathera pomwepo. Palibe tsiku limene anandichititsa manyazi pa anthu. Ine atandikweza kukhala kalaliki, iwo atapuma ntchito, chinthu choyamba chimene ndinachita ndi kupita kusitolo ku boma kukagula pensulo yofiira. Ndinaiika kukhutu, ndipo ndinayamba kuchonga dziko lonse: zikwangwani za magolosale, zidziwitso za kutchalitchi, ngakhale kalata ya ukwati ya msuweni wanga. Anthu anandipatsa dzina loti a Chongani, ine n'kumaliyesa ulemu. Munthu amene anadya utuchi chifukwa cha chilembo chimodzi ankafuna kuti aliyense alaweko.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ndakhala ndikuizungulira. Umadziwa kuti ndinali ndi mng'ono wanga Pasikali, bambo ako aang'ono, amene anapita ku migodi ya ku Joni iwe uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Mwina ukukumbuka munthu wamtali amene ankakunyamula pakhosi kuti uthyole mapichesi a m'mwamba, a mtengo womwe uno. M'banja timangoti anatchona, ndipo ana mumaganiza kuti anatiiwala chifukwa cha zokoma za kumeneko. Si choncho ayi. Pasikali sukulu analekera Sitandade Fili chifukwa ankaweta ng'ombe za amalume pamene ine ndinali m'kalasi. Ankandiyang'ana ngati ndine bambo mfumu. Atapita kunali zii zaka ziwiri, kenako tsiku lina kunabwera envulopu yabuluu ya sitampa yachilendo. Nditatsegula ndinapeza masamba awiri odzaza, olembedwa m'Chingerezi, ndi dzanja lake lomwe, zilembo zikuluzikulu zotsamirana. Anali akuphunzira madzulo kukomponi. Analemba kuti kumeneko kukuzizira kuposa ku Dedza, kuti wagula jekete, kuti amalota dimba lathu la kachewere. Anafunsa ngati mbuzi yake yamawanga inaswa, ndiponso ngati Sesiliya wayamba sukulu. Pomaliza anati walemba m'Chingerezi kuti achimwene aone kuti nayenso akuyesa.

Ndinawawerengera agogo ako, amayi anga, ndikumasulira m'Chichewa. Anandibwerezetsa katatu, akupukuta misozi, n'kunena kuti, "Umuyankhe lero lomwe. Umuuze kuti mbuzi yaswa awiri." Ine ndinapita nayo kalatayo kuofesi. Ndinaigoneka pansi pa mwala, m'mawa n'kuiwerenga chafutambuyo ndi kaudzu, monga mwa mwambo. Ndinapezamo zolakwa makumi awiri ndi zitatu. Ndinazunguliza chimodzichimodzi ndi pensulo yofiira mpaka masamba aja anaoneka ngati agwidwa ndi chikuku. Pansi ndinalembapo mzere umodzi wokha, m'Chingerezi, woti akonze zolakwazo n'kunditumiziranso. Ndinaiika mu envulopu yatsopano n'kuibweza ku Joni. Za mbuzi sindinalembe, za amayi sindinalembe, za iwe sindinalembe. Ndinkati ndizilemba akatumiza yokonza. Kalanga ine, ndinkaganiza kuti ndikumuthandiza! Agogo ako atafunsa kuti, "Wamuuza za mbuzi?" ndinati, "Ndamuuza, amayi."

Yokonzayo sinabwere. Miyezi inapita, chaka chinatha. Ndinalemba kalata ina, kenako ina, mpaka zinayi, zonse m'Chichewa tsopano, koma kunali chete. Anthu a kuno atabwerera onse kuchokera ku migodi, ndinapita ku boma kukayang'ana m'mabasi, iye munalibe. Mnzake wina wa ku Mphunzi, amene ankagona naye chipinda chimodzi, ndiye anandiuza. Anati Pasikali analemba kalata ija Malamulungu atatu, akufunsa mawu kwa aliyense wodutsa. Yankho litafika anaitana anzake kuti amve zimene achimwene ake akalaliki alemba. Anatsegula pamaso pawo. Atangoona kufiira kuja anapinda mapepalawo, n'kuwaponya m'mbaula. Patapita nthawi anasamukira ku mgodi wina osasiya adiresi. Munthuyo pondiuza sanandiyang'ane kumaso. Madzi akatayika saoleka.

Chimene ndikuuze tsopano amachidziwa ndi amayi ako okha. Agogo ako atayamba kudwala, maso atachita khungu, ankandiitana pafupipafupi kuti, "Benedikito, tandiwerengerenso kalata ya Pasikali." Kalata ndinali nditaibweza. Chimene chinatsala m'manja mwanga ndi envulopu yabuluu ija yokha. Ndiye ndinkaikamo pepala lililonse, n'kukhala pamphasa pambali pawo, n'kulitulutsa mochititsa phokoso kuti amve, n'kuyamba kunena za pamtima: kuzizira, jekete, dimba, mbuzi yamawanga. Iwo ankagwira envulopuyo n'kumaisisita ndi chala. Tsiku lina anati, "Mwana ameneyu amalemba bwino." Ine ndinati, "Inde amayi, amalemba bwino." Zinali zoona, ndipo ndinazizindikira mochedwa. M'masamba awiri aja munalibe mawu amodzi omwe amene sindinawamve. Anamwalira akudikira kalata yachiwiri, osadziwa kuti amene anaitsekera njira ndi yemwe ankawawerengera.

Ndiye uone, Sesiliya, pamene unanena mawu aja pakhonde, ine sindinamve iwe wekha. Ndinabwerera m'nyumba, ndipo amayi ako anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Mwayambanso." Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti ndinaphunzira, koma dzanja linali lisanaphunzire. Ndinalakwa, mwana wanga. Ndikupepesa. Cholakwa chinalipodi pa pepala lako, ndipo ndikanakhala munthu ndikanadikira alendo apite, n'kuika kadontho m'mphepete, n'kuyamba ndakuuza kuti kalata yako inali yabwino kuposa iliyonse imene ine ndinalemba pa msinkhu wako. Inalidi yabwino.

Usatenge nkhani ya Pasikali ngati chilolezo cholemba mosasamala. Ayi ndithu. Kalata ya kuofesi igone, uiwerenge chafutambuyo, uionetse mnzako. Makamaka masiku ano, ukamalemba dzina la munthu wamkulu, ulembe maudindo ake onse mwa dongosolo lake, osadumpha ngakhale amodzi, ndipo uwerenge kawiri. Ukudziwa wekha chimene ndikunena, sindichita kutambasula papepala. Khadi lachipani likhale m'kachikwama ka m'manja, osati pansi pa sutikesi, chifukwa amalifunsa pokwera basi. Madandaulo ako usamawaike m'kalata, uzisunga mpaka tchuthi, tidzakambirane kudimba. Ndipo pa bolodi, pamaso pa ana, ulembe mawu amene uli nawo chitsimikizo, chifukwa cholakwa cha mphunzitsi chimabereka m'makope makumi asanu tsiku limodzi.

Koma ukadzakhala ndi makope amenewo patebulo, udzakumbukire kuti si pepala lililonse limabwera kudzachongedwa. Mwana wina adzakubweretsera kalembedwe kake kokhotakhota atakalimbana nako masiku atatu, akufuna uone kuti akuyesa. Uyambe wamva zimene akunena, umuyankhe zimenezo. Zilembo zidikira, sizithawa. Mwana ndiye amathawa. Ndipo cholakwa cha munthu usadzachikweze m'mwamba pa anthu kuti useketse alendo. Kuseka kwa alendo kumatha asanafike pamsewu, koma amene wasekedwayo amakunyamula zaka.

Dzuwa lapendeka tsopano, mphepo ya kuphiri yayamba, ndipo ndikumva amayi ako akufunsa kumene ndapita. Kalata ino sigona. Ndi yoyamba m'zaka zambiri imene ndikuimata osaiwerenganso, chifukwa ndikudzidziwa: ndikaigoneka pansi pa mwala, m'mawa ndifufuta za Pasikali, ndifufuta kupepesa, n'kusiya malangizo okhaokha. Ngati muli alendo m'mizeremu, uwapeze wekha, useke.

Ukagwedeza envulopu umva kanthu kolimba. Ndi pensulo yofiira ija, yatsala yaifupi ngati chala. Ndaichotsa kukhutu, ndipo ina sindigula. Uchite nayo zimene ufuna. Basi ikamawoloka mlatho wa Linthipe utha kutsegula windo n'kuiponya m'madzi, palibe adzakufunse. Ndaikamonso envulopu imodzi yopanda kanthu, sitampa ndamata kale. Adiresi sindinalembe, ulembe wekha. Pa envulopu ya Pasikali, imene ili m'buku langa la mapemphero mpaka lero, dzina la Chongoni linalembedwa molakwika, ndipo langa lomwe linasowa chilembo. Koma inafika, Sesiliya. Inadutsa maiko atatu n'kufika m'manja mwanga, ndipo amene anaibweza ndine.

Undilembere, mwana wanga. M'Chichewa, m'Chingerezi, ndi pensulo kapena ndi khala, mizere iwiri yokha ikwana. Undiuze ngati kukuzizira, ngati bulangeti likukwana, ngati chakudya chikudyeka. Ine ndidzakuyankha za mbuzi, za dimba, za amayi ako, tsiku lomwelo. Lachisanu lililonse ndizitsikira ku positi. Ndikapeza mulibe ndizibwerera, n'kupitanso Lachisanu linalo. Yako sindidzaibweza.

Mulungu akutsogolere, Nambewe.

Ndine bambo ako,
Benedikito